Mnzanga Amene Ankangoti "Tiye!"

Lachinayi pa 21 Juni 2001, amayi anatseka chitseko dzuwa likadali pamutu. Wailesi inali italengeza kwa masiku angapo kuti masana a tsikulo kuchitika kadamsana, ndipo woyang'ana dzuwa ndi maso okhaokha akhoza kuchita khungu. Boma linapereka tchuthi. Kwathu ku Tamanda aliyense anamva chenjezolo m'njira yakeyake, koma amayi anatolapo mfundo imodzi yokha: mwana asatuluke. Anatikhazika pamphasa ine ndi alongo anga awiri, n'kutchinga zenera ndi chitenje.

Ndinali ndi zaka 14, ndili giredi 8. Cha m'ma 3 koloko ndinamva kugogoda kuzenera, kenako mawu a kunong'ona a mnzanga wina.

"Iwe, tiye!"

"Kuti?"

"Tiye ukaone. Kumwamba sitiyang'anako ayi, zonse zili pansi."

Amayi anali kuchipinda. Mtima ukugunda ngati mtondo, ndinatsegula chitseko pang'ono n'kutuluka. Kunja kunali kuwala kwachilendo, kofooka ngati kwa nyali yotha mafuta, ndipo mphepo ya Juni inawonjeza kuzizira. Mnzangayo anandikokera pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nkhokwe, n'kuloza padothi. Timadontho ta dzuwa timene timadutsa m'masamba masiku onse tinali titasanduka timiyezi tongokhala kumene, mazanamazana, mbwee pansi ponse, tikugwedezeka ndi mphepo. Patapita zaka ndinadzamva chifukwa chake: kampata kalikonse pakati pa masamba kamajambula padothi chithunzi cha dzuwa, ndiye dzuwa likadyeka, chithunzicho chimadyekanso. Kwathu silinabisike lonse ngati ku Lusaka, kumene kunada bii masanasana, komabe linatsala kachigawo kochepa ngati chikhadabo.

Tili chiweramire, amayi anatulukira ndi kamtengo m'manja. Ine miyendo inazizira. Mnzangayo sanathawe. Anangoti, mwaulemu, "Amayi, taonani pamkono panupo." Amayi anayang'ana. Timiyezi tija tinali titawagwera pamkono, pachitenje, mpaka pakamtengo kaja. Anaima phee, akutembenuza dzanja uku ndi uku. Kenaka anaseka, kuseka kumene ndinali ndisanakumve chimwalirire atate zaka ziwiri m'mbuyomo, n'kundiuza kuti, "Thamanga, kaitane alongo ako."

Nkhani ino ndi ya mnzanga ameneyu, ndi ya anzake onse ofanana naye amene makolofe timawaopa: ana osakonzekera, ongodzuka n'kuganiza chochita, amene mawu awo oyamba amakhala "tiye". Ndikufuna kunena kuti mwana wamanyazi kapena wamantha amamufuna mnzake wotere monga mmene mbewu imafunira mvula, komanso kuti pali njira yosiyanitsira wabwino ndi woononga.

Kamvuluvulu wa kutsidya

Tamanda ndi mishoni yakale ya mpingo wa Reformed Church in Zambia, kunja kwa Chipata, pafupi ndi malire a Malawi. Kumeneko malire ndi a pamapu chabe. Maliro, ukwati ndi chinkhoswe zimaoloka tsiku ndi tsiku, pakuti mbumba ndi imodzi. Mnzangayo anachokera kutsidyako, m'boma la Mchinji, kudzakhala ndi amalume ake okonza njinga pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu. Manja ake ankakhala akuda ndi girisi, thumba lake lodzaza ndi masipoko othyoka ndi zidutswa za chubu. Ambuya anga ankamutcha kamvuluvulu, chifukwa ukamuona pano, pang'ono wamumva ali uko.

Ine ndinali wosiyana naye ngati usiku ndi usana. Amene anakula zaka zimenezo akukumbukira mmene Edzi inkatengera anthu, sabata osatha popanda kumva kulira m'mudzi wina. Amayi atataya mwamuna anakumbatira ana otsalawo ndi manja onse awiri. Usakwere mtengo. Usapite kudambo. Usachedwe kumpira. Sindiwadzudzula ngakhale pang'ono, chinali chikondi chokhachokha. Koma ndinakula ndikudziwa njira zitatu zokha: ya kusukulu, ya kutchalitchi ndi ya kumunda. M'kalasi ndinkadziwa mayankho, koma dzanja linkalemera ngati mwala. Akuluakulu amati mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo ine una wanga ndinali nditaukumba mozama.

Tsiku lina aphunzitsi anafunsa amene angaimire kalasi yathu pa mtsutso wa Lachisanu. M'kalasi munangoti zii. Mwadzidzidzi ndinamva dzanja langa likunyamuka lokha: mnzanga uja analigwira pachigongono n'kulikweza. Aphunzitsi analemba dzina langa ndisanatsegule pakamwa. Poweruka ndinamukwiyira kwambiri. Iye anangoti, "Zimene umandiuza panjira zija, ukazinene pamenepo. Ine ndikhala kutsogolo, uzikayang'ana ine." Lachisanu ndinaimirira mawondo akuombana, ndinalankhula ndikuyang'ana nkhope imodzi yokha, ndipo ndinafika kumapeto. Lero ndine mphunzitsi, ndimaima pamaso pa ana tsiku lililonse. Ntchito imeneyi inayambira pachigongono paja.

Chifukwa chake mnzake amamveka kuposa kholo

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati unyamata ndi utsikana wa kusinkhuka umayambira zaka 10 kufika 19. Akatswiri a ubongo anapeza kuti pa msinkhu umenewu mbali za ubongo zimene zimakonda zatsopano ndi zokondweretsa zimadzuka msanga, pamene mbali ya kutsogolo, pamphumi apa, imene imayeza zinthu ndi kuletsa munthu, imapitiriza kukhwima mpaka atapitirira zaka 20. Ndiye mwana wa zaka 14 ali ngati ng'ombe yamphamvu imene goli silinaizolowere.

Mu 2005 akatswiri awiri a ku America, Margo Gardner ndi Laurence Steinberg, anafalitsa zotsatira za kafukufuku wodziwika bwino. Anapatsa anthu a misinkhu yosiyanasiyana masewera oyendetsa galimoto pakompyuta, ena ali okha, ena anzawo akuonerera. Achinyamata ankachita zoika moyo pachiswe kwambiri anzawo akakhalapo, pamene akuluakulu sankasintha kwenikweni. Makolo tikamva zimenezi timagwedeza mutu n'kumati, tinanena ife, nsomba ikaola imodzi zonse zaola. N'zoona. Koma mphamvu yomweyo, yolimbitsa mwana mtima mnzake akakhala pambali, ndi imene imamuimiritsanso pa mtsutso, kumulowetsa kwaya, kumuphunzitsa kusambira ndi kumupatsa mawu opepesera amene wamulakwira. Moto wootcha nyumba ndi womwewo wophika nsima.

Makolo athu akale ankazidziwa izi popanda kompyuta. N'chifukwa chake anyamata ankagona kumphala, atsikana kugowelo. Ana ankapita okha kumasanje chimanga chikakololedwa, anyamata ankatha tsiku lonse kubusa kapena kokumba mbewa lupsa likadutsa. Akuluakulu ankadziwa kumene ana ali ndi amene ali nawo, koma sankawaima pamsana. Ankadziwa kuti pali maphunziro ena amene kholo silingapereke, chifukwa amalowa pokhapokha wawapereka mnzako wa msinkhu wako. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Ulendo wa ku Mtenguleni

Mu Febuluwale 2002, chaka cha njala mbali zonse ziwiri za malire, mnzanga uja anandipeza ndikupalira n'kunena kuti, "Loweruka ndi Nc'wala. Tiye." Ine ndinali ndisanafikepo ngakhale m'tauni ya Chipata. Ndinamuuza kuti amayi sangalole. Madzulo omwewo anabwera yekha kunyumba, atasamba m'manja mpaka girisi yense kuchoka, n'kukhala pansi poteropo.

"Amayi, ndabwera kudzabwereka mwana wanu masiku atatu."

Amayi anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa mafunso atatu. Mukagona kuti? Wamkulu amene akakudziweni kumeneko ndani? Mubwera liti? Iye anayankha onse mosadodoma: kwa azakhali ake ku Kapata m'Chipata, amalume alemba kalata, tibwera Lamulungu dzuwa lisanalowe. Amayi anapita okha kwa amalume aja kukatsimikiza, ndipo pobwera anatikazingira nsawa zodzaza chibakera chimodzi, za mbewu zimene zinatsala.

Tinanyamuka Lachisanu tambala woyamba, pa njinga imodzi ya Eagle, ija inkapangidwa m'Chipata momwemo ku Luangwa Industries. Tinkasinthana, wina kupalasa, wina pakaliyala. Pamtunda tinkatsika n'kumakankha. Dzuwa litakwera, tayala lakumbuyo linaphwa pamudzi wina wosadziwika. Ine ndinayamba kuwerenga mavuto: tachedwa, tilibe ndalama, tibwerere. Iye anali atagubuduza kale njinga, miyendo m'mwamba, n'kupita kukaodira pakhomo lapafupi kupempha beseni la madzi lofufuzira pobooka. Mayi wa pakhomopo, amene nkhokwe yake inali mbee, anatulutsa madziwo pamodzi ndi chinangwa chophika chimodzi, n'kuchidula pakati. Anatifunsa mfunda, ndipo atamva wanga anaomba m'manja n'kunditcha mlongo wake. Pamenepo ndinaphunzira chinthu chimene palibe buku linandiuza: dziko ladzaza ndi anthu ofuna kukuthandiza, koma amadikira kuti uodire.

Chipata tinamuona madzulo, atagona pakati pa mapiri, phiri la Kanjala litaima pamwamba pake. Tauni imene atsamunda ankaitcha Fort Jameson, imene ndinkangoilemba m'kope, inali pamaso panga ndi mizikiti yake, masitolo a amwenye ku Down Shops, ndi njinga zosawerengeka zonyamula anthu, makala ndi nkhumba. M'mawa mwake tinakwera lole ya anthu a ku Kapata kulowera msewu wa ku Katete mpaka ku Mtenguleni, kumene kumachitikira Nc'wala.

Amene sanafikeko ku Nc'wala sangamvetse mmene nthaka imanjenjemera. Amuna mazanamazana ovala zikopa, nthenga kumutu, chishango kudzanja ili chibonga kudzanja ilo, akaponda pamodzi mtima umadumpha m'chifuwa. Amayi akuomba m'manja ndi kululuta. Ndi mwambo wa zipatso zoyamba, pamene Nkhosi ya Makhosi Mpezeni imalawa zakumunda anthu ake asanayambe kudya, ndipo ng'ombe yakuda yamphongo imabayidwa ndi mkondo. Mwambowu unazilala Angoni atagonjetsedwa ndi Angerezi mu 1898, n'kudzautsidwanso mu 1980.

Ine ndikadangoonerera chapatali. Koma mnzangayo anaona nkhalamba ina ikupuma pamthunzi, chishango chili pamwendo, n'kupita kukagwada pambali pake kufunsa ngati angachigwireko. Nkhalambayo inalola, ndipo macheza anayambika. Inatifotokozera kuti makolo awo, motsogozedwa ndi Zwangendaba, anaoloka Zambezi dzuwa litada masana. Ine tsitsi linaima. Ndinakumbuka timiyezi ta pansi pa mango. Nditabwerera kusukulu ndinakapeza m'buku kuti zinachitikadi mu Novembala 1835, ndipo kadamsanayo ndi amene amathandiza olemba mbiri kudziwa nthawi yeniyeni ya kuolokako. Kuyambira tsiku limenelo mbiri inaleka kukhala mndandanda wa zaka zoloweza, inasanduka nkhani ya anthu amene zidzukulu zawo ndinakhala nazo pamthunzi umodzi. Phunziro limene ndimaphunzitsa lero ndi lomwelo.

Tinafika kunyumba Lamulungu dzuwa lili pafupi kulowa, monga analonjezera. Amayi anali ataima pamsewu.

Tsiku limene ndinakana

Ndisakunamizeni kuti "tiye" aliyense anali wanzeru. Mwezi wotsatira tinapita kukazula bowa kutsidya kwa kamtsinje kena. Kumtunda kunagwa mvula yamphamvu ife osadziwa, ndipo pobwerera tinapeza madzi ofiira atadzaza mpaka m'magombe, akulira ngati chigayo. Iye anavula malaya, n'kumanga bowa pamutu.

"Tiye, afika m'chiuno mokha."

"Ayi. Ine sindioloka, ndipo iwenso suoloka."

Aka kanali koyamba kumukanira. Ndinkayembekeza kuti anditcha wamantha. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana madzi, kenako anavalanso malaya n'kukhala pamwala. Sipanapite nthawi, chigobo cha mtengo chachikulu ngati ng'ombe chinadutsa chikugubuduzika pamalo pomwe tikadakhala tili pakati. Tonse tinangoti chete. Tinadikira mpaka madzi ataphwera chakumadzulo. Panjira iye anati, "Amalume amati njinga yopanda tcheni siyenda, koma yopanda mabuleki imapha. Ine ndine tcheni, iwe ndiwe mabuleki."

Mawu amenewo anandipatsa ulemu umene ndinali ndisanadzipatse. Kusamala kwanga, kumene ndinkakuona ngati chilema, kunali ndi ntchito. Ndipo ubwenzi wathu sunali wa mbali imodzi. Iye sankatha kukhala pansi ndi buku kwa mphindi khumi. Miyezi yoyandikira mayeso a giredi 9 ndinkamukhazika pa koloboyi usiku uliwonse, masamu ndikumawasandutsa masipoko ndi mitengo ya machubu kuti alowe. Anakhoza. Kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu.

Kusiyanitsa tcheni ndi msampha

Kholo lililonse lili ndi chifukwa chomveka choopera. "Tiye" yemweyo ndi amene amatengera ana ku kachasu ndi chamba. Tinaona mmene tujilijili tinaonongera anyamata boma lisanatiletse mu 2012. Lero kwabwera njuga za pafoni ndi njinga zamoto zothamangitsidwa ndi ana opanda zipewa. Atsikana ambiri asiya sukulu chifukwa cha mimba, ngakhale kuti kuyambira 1997 dziko la Zambia limawalola kubwerera akabereka. Ndiye tingamudziwe bwanji mnzake woyenera?

Zaka zanga za m'kalasi, pamodzi ndi zimene ndakufotokozeranizi, zandiphunzitsa kuyang'ana zinthu zingapo. Choyamba, kumene akukutengera kumanenedwa kunyumba. Mnzanga uja anabwera yekha kudzakhala pansi pamaso pa amayi. Woononga amayamba ndi mawu akuti "usakanene". Chachiwiri, wabwino amamva "ayi". Akhoza kukunyengerera kawiri katatu, koma ukalimbika sakunyoza kapena kukuseketsa pagulu. Chachitatu, chimwemwe chake sichilipiridwa ndi munthu wina: palibe nkhuku ya eni imene yasowa, palibe mtsikana amene walira, palibe ndalama ya feteleza imene yachoka pansi pa mphasa. Chomaliza, yang'anani mwana wanu akabwerako. Ngati wabwera maso akuwala, nkhani zili kukamwa, akudya bwino ndi kugona tulo, kumene anapitako kunali kwabwino. Ngati wabwera akuzemba maso anu, pamenepo funsani.

Ndikupemphanso kuti muyezo umenewu ukhale umodzi kwa anyamata ndi atsikana. Mnyamata wochangamuka timamutcha wanzeru, koma mtsikana wa mtima womwewo timafulumira kumutcha woyendayenda. Alongo anga aja nawonso ankafuna kuona Mtenguleni, koma palibe amene anabwera kudzawabwereka, ndipo akadabwera sindikhulupirira kuti akadaloledwa. Anakafikako ali kale ndi ana kumsana.

Kwa inu achinyamata amene muli ngati mmene ndinalili ine, wongodikira tsiku loyenera, ndalama zokwanira ndi mtima wopanda mantha, dziwani kuti tsiku lotero silifika. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Masuku amapsa nyengo yake, bowa amamera mvula ikagwa, kadamsana sadikira kuti umalize kuganiza. Mnzanu akati tiye kukwaya, tiye tikaphunzire kusoka, tiye tikaone agogo akudwala aja, yezani ndi zinthu ndatchulazi, ndipo zikakwana, nyamukani. Kwa inu akamvuluvulu, yang'anani m'kalasi mwanu amene amakhala pakona osayankhula. Mwina akungodikira wina womugwira pachigongono. Ndipo iye akadzati "ayi", mumvereni, mwina waona chigobo chimene inu simunachione.

Mafunso atatu aja

Chiyambire maphunziro aulere mu 2022, makalasi athu adzaza ndi ana, ndipo n'zokondweretsa. Koma ndikawafunsa amene anakwerapo Kanjala, phiri limene amaliona tsiku lililonse popita kusukulu, manja amakwera ochepa. Amene anafikako ku Kulamba ku Mkaika, kumene Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana mu Ogasiti pamaso pa Kalonga Gawa Undi, ndi ochepanso. Ambiri anazionera pafoni. Foni imaonetsa zambiri, koma siinjenjemeretsa nthaka pansi pa mapazi, ndipo siingakudulire chinangwa pakati.

Mnzanga uja ali moyo. Ali ndi kashedi kake m'Chipata muno, akukonza njinga zakapalasa ndi zamoto, ndipo waphunzitsa ntchito anyamata ambiri amene anawatola pamsewu ndi mawu ake omwe aja. Akapita ku Tamanda amayamba wafika kwa amayi, ndipo iwo amamutcha mwana wanga.

Ine tsopano ndili ndi mwana wamkazi wa zaka 14, wofatsa, wokonda mabuku, wolemera dzanja m'kalasi ngati atate ake. Loweruka lina m'mawa ndinamva kuodira pakhomo. Anali mnzake wa m'kalasi, kamtsikana kothamanga pakamwa, nsapato zili fumbi lokhalokha. Kanagwada n'kunena kuti, "Atate, tikufuna tikakwere Kanjala ndi anzathu a kwaya. Ndabwera kudzamutenga."

Mawu akuti "ayi" anafika pakhosi. Ndinaona miyala yoterera, njoka, anthu osadziwika. Kenako ndinaona dzanja la amayi likutembenuka pansi pa mango. Ndinafunsa kuti mudutsa njira iti, wamkulu amene mupite naye ndani, mubwera nthawi yanji. Kanayankha onse atatu. Ndinaimbira foni mayi wotsogolera kwayayo, n'kuwadzazira botolo la madzi.

Anabwera dzuwa likupendeka, chisoso chitamatirira masokosi, bondo limodzi litasupuka pang'ono. Anayamba kulankhula ali pachipata: kuti pamwamba pake tauni yonse imaoneka ngati nsawa zoyanika pamphasa, kuti anapeza denga la nyumba yathu, kuti potsika anatsogolera nyimbo ndi iyeyo. Nsima inazizira m'mbale iye akufotokozabe, ndipo amake ndi ine sitinamudule.